Watsegula chitsekoyo ankadziwa chiyani?

Pa 9 September 1990, magazini ya Parade, yomwe inkalowetsedwa m'nyuzipepala za Lamlungu m'madera ambiri a dziko la America, inasindikiza funso loti ngakhale mwana wa pulayimale akhoza kulimva bwinobwino. Muli pa mpikisano wa pa kanema, ndipo patsogolo panu pali zitseko zitatu zotseka. Kuseri kwa chimodzi kuli galimoto, kuseri kwa ziwiri zinazo kuli mbuzi. Inu mwaloza chitseko choyamba. Woyendetsa mpikisano, yemwe akudziwa chomwe chili kuseri kwa chitseko chilichonse, sakutsegula chanucho ayi. Akutsegula chachitatu, ndipo kwaoneka mbuzi. Kenako akukufunsani ngati mungakonde kusiya chitseko choyamba n'kutenga chachiwiri. Kodi kusintha kuli ndi phindu? Mayi Marilyn vos Savant, omwe ankayankha mafunso a owerenga pa tsamba lawo la Ask Marilyn, ndipo dzina lawo linali litalembedwapo m'buku la Guinness kuti ndiwo anakhoza koposa onse pa mayeso oyeza nzeru, anayankha mosazungulira kuti sinthani. Wokakamira chitseko choyamba, iwo anatero, amapata galimoto kamodzi pa maulendo atatu, pomwe wosintha amaipata kawiri pa maulendo atatu.

Yankho limeneli linautsa mapiri pachigwa. Makalata pafupifupi 10,000 anafika ku magaziniyi, ochuluka otsutsa, ndipo pafupifupi 1,000 mwa iwo anachokera kwa anthu okhala ndi digiri ya PhD, ena mwa iwo aphunzitsi a masamu m'mayunivesite. Malinga ndi kuwerengera kwa mayiwa, makalata 92 pa 100 alionse ochokera kwa anthu wamba ankati alakwitsa, ndipo pa ochokera kusukulu zaukachenjede otsutsa anali 65 pa 100 alionse. Mfundo ya onsewa inali imodzi, yomweyo imene imabwera m'mutu mwa aliyense akangolimva funsoli: kwatsala zitseko ziwiri, galimoto ndi imodzi, ndiye mwayi ndi theka uku theka uko, kusintha ndi kusasintha n'chimodzimodzi. Ena sanalekere pa masamu. Anawadzudzula mayiwa kuti akusocheretsa anthu, ndipo wina anafika polemba kuti mwina akazi masamu amawaona mosiyana ndi amuna. Chipongwe chimenechi n'chofunika kuchitchula, chifukwa chikuonetsa mmene anthu ophunzira bwino analili otsimikiza mtima pa yankho lolakwika.

Mayi vos Savant ankanena zoona, ndipo lero palibe katswiri wa masamu amene akutsutsa zimenezo, bola malamulo a masewerawo afotokozedwe mokwanira. Chodandaulitsa n'chakuti nkhaniyi ikamakambidwa, kawirikawiri imathera pa kuseka maprofesa ndi kuloweza kalamulo koti nthawi zonse uzisintha chitseko. Kalamulo kameneko n'kopanda ntchito, ndipo nthawi zina n'kabodza. Chomwe chikusuntha mwayi m'masewerawa si mbuzi yomwe yaonekayo. Ndi munthu amene waionetsa: ankadziwa chiyani potsegula, nanga ndi chitseko chiti chomwe sakanaloledwa kuchikhudza. Amene wamvetsa mfundo imeneyi wamvetsa phata la nthambi yonse ya masamu yoona za mwayi wa chinthu pamene china chadziwika kale, ndipo adzaigwiritsa ntchito kutali ndi zitseko ndi mbuzi.

Funsoli silinabadwire ku Parade. Linamangidwa pa pulogalamu ya Let's Make a Deal, yomwe inayamba kuonetsedwa pa kanema wa NBC mu 1963, ndipo oyendetsa ake kwa zaka zambiri anali a Monty Hall, mbadwa ya ku Winnipeg m'dziko la Canada. Amene anayamba kulilemba ngati funso la masamu ndi a Steve Selvin a ku University of California, Berkeley, m'kalata yopita ku magazini ya The American Statistician mu 1975. Nawonso analandira makalata owatsutsa, ndipo m'kalata yawo yachiwiri chaka chomwecho ndimo munachokera dzina la Monty Hall lomwe funsoli limadziwika nalo mpaka pano. Msampha wake ngwakale kuposa apo: a Joseph Bertrand a ku France anautchera mu 1889 ndi mabokosi atatu a ndalama zagolide ndi zasiliva, ndipo a Martin Gardner anautcheranso mu 1959 m'magazini ya Scientific American ndi nkhani ya akaidi atatu.

Njira yosavuta yolimasulira ndi kusiya kuganiza za ulendo umodzi n'kuyamba kuwerenga maulendo ambiri. Tiyerekeze kuti masewerawa achitika ka 300, galimoto ikuikidwa mwamaere, ndipo inu nthawi zonse mukuyamba ndi chitseko choyamba. Pa maulendo pafupifupi 100 galimoto idzakhala kuseri kwa chitseko chanucho, pa 100 ena kwa chachiwiri, pa 100 otsalawo kwa chachitatu. Tsopano yang'anitsitsani dzanja la woyendetsa uja. Galimoto ikakhala pachitseko chanu, iye ali pa ufulu: zitseko zonse ziwiri zotsalazo zili ndi mbuzi, akhoza kutsegula chomwe wafuna, ndipo inu mukasintha mwaluza. Koma ikakhala pa chachiwiri, manja ake ndi omangika. Chanu sangatsegule, cha galimoto sangatsegule, ndiye ayenera kutsegula chachitatu basi, ndipo chomwe wasiya chotsekacho ndicho cha galimoto. Ikakhala pa chachitatu, amakakamizika kutsegula chachiwiri, n'kusiyanso galimoto pa chitseko chomwe akukupatsanicho. Pa maulendo 300 aja, wosintha wapambana 200, wokakamira wapambana 100. Kusintha kumakuluzitsani pokhapokha ngati munalasa galimoto pa kusankha kwanu koyamba, ndipo zimenezo zimachitika kamodzi kokha pa maulendo atatu.

Wotsutsa adzati mawerengedwewo ndawamva, koma maso anga akuona zitseko ziwiri, nanga chimodzi chingapose chinzake bwanji? Yankho ndi lakuti zitseko ziwirizo sizinafike pamenepo mwa njira imodzi. Chanu chatsala chotseka chifukwa choti munachiloza inuyo, muli mumdima, ndipo lamulo limaletsa kuchitsegula. Kaya kuli galimoto kaya mbuzi, chikanatsalabe. Chinacho chatsala chitapulumuka m'manja mwa munthu wodziwa, yemwe akanatha kuchitsegula koma wachilumpha. Kusiyanaku kumaonekera poyera zitseko zikachuluka. Zikhale 100, galimoto ikhale imodzi. Mwaloza chitseko nambala 1. Woyendetsa akuyenda pamzere n'kumatsegula chachiwiri, chachitatu, chachinayi, mbuzi zokhazokha, koma atafika pa nambala 64 akuchidumpha, n'kupitiriza kutsegula mpaka pa 100. Kwatsalanso zitseko ziwiri, komabe palibe munthu amene anganene ndi mtima wonse kuti mwayi ndi wofanana. Aliyense akufunsa chifukwa chomwe mkuluyu wadumphira 64. Pa maulendo 99 mwa 100 alionse, wachidumpha chifukwa galimoto ili komweko. Pa zitseko zitatu nkhani ndi yomweyi, kungoti kudumphako n'kwakung'ono kwambiri moti maso sakuona.

Umboni wamphamvu wakuti chinsinsi chagona pa zomwe woyendetsa akudziwa umapezeka tikamuchotsera kudziwako. Tiyerekeze kuti lero woyendetsa ndi mlendo, sanauzidwe komwe kuli galimoto, ndipo akutsegula chimodzi mwa zitseko ziwiri zotsalazo mongolota. Tiwerengenso maulendo 300. Pa 100 omwe galimoto ili pachitseko chanu, iye adzaonetsa mbuzi nthawi zonse. Pa 200 omwe galimoto ili kwina, theka la maulendowo adzatsegula galimoto yeniyeniyo mwangozi, masewera n'kuthera pomwepo. Maulendo omwe mbuzi yaoneka atsala 200: pa 100 galimoto ili kwa inu, pa 100 ili ku chitseko chinacho. Apa tsono mwayi ndi thekadi, ndipo kusintha kulibe phindu lililonse. Taganizirani bwino zimenezi. Munthu woonera pa kanema akuona zinthu zofanana ndendende m'masewera awiriwa: chitseko choyamba chasankhidwa, chachitatu chatsegulidwa, mbuzi yaoneka. Chithunzi ndi chimodzi, koma mwayi ngwosiyana, chifukwa njira yomwe chithunzicho chadzera ndi yosiyana. Anthu masauzande aja omwe ankati theka ndi theka sankalephera kuwerenga. Ankayankha molondola funso la masewera ena, omwe sanafunsidwe. N'chifukwa chakenso pa pulogalamu ya Deal or No Deal, pomwe wopikisana amatsegulitsa mabokosi mongolota, kusinthanitsa mabokosi awiri omaliza sikuwonjezera kanthu.

Pali chitsutso china chomwe chimamveka chanzeru: galimoto sinasunthe, ili pomwe inaikidwa masewera asanayambe, ndiye kutsegula chitseko kungasinthe bwanji mwayi wake? N'zoona, sinasunthe. Koma mwayi si katundu amene ali kuseri kwa chitseko limodzi ndi galimotoyo. Ndi muyeso wa zomwe munthu akudziwa. Kwa woyendetsa palibe za mwayi, akudziwa. Kwa munthu amene walowa m'holo mochedwa, n'kupeza zitseko ziwiri zotseka osadziwa chomwe chinasankhidwa poyamba, mwayi ndi theka, ndipo sakulakwitsa. Kwa inu amene mwaona zonse, ndi kamodzi pa katatu pa chitseko chanu, kawiri pa katatu pa chinacho. Njira yowerengera kusintha kotereku imatchedwa ndi dzina la a Thomas Bayes, m'busa wa ku England yemwe anamwalira mu 1761, ndipo zolemba zawo zinaperekedwa ku Royal Society ndi mnzawo Richard Price mu 1763. Mwachidule njirayo imati: pa chilichonse chomwe chingakhale choona, funsani kuti chikanakhala choona, zomwe ndaonazi zikanachitika kangati? Galimoto ikakhala pa chitseko choyamba, woyendetsa amatsegula chachitatu theka la nthawi, ndiye maulendo 50 mwa 100. Ikakhala pa chachiwiri, amatsegula chachitatu maulendo onse 100. Ikakhala pa chachitatu, sachitsegula n'komwe. Choncho pa maulendo 150 omwe chitseko chachitatu chimatsegulidwa, 100 galimoto ili pa chachiwiri.

Chitsutso cholemera kwambiri, chomwe sichiyenera kukankhidwira kumbali, ndi chakuti funso la mu Parade silinanene malamulo onse. Silinanene kuti woyendetsa amakakamizika kutsegula chitseko nthawi zonse, kapena kuti amapereka mwayi wosintha kwa aliyense. A Monty Hall eni ake anaiona mfundoyi msanga. Mu 1975 analembera a Selvin kuti pa pulogalamu yawo yeniyeni munthu akasankha bokosi saloledwa kusinthanitsa. Mu July 1991 mtolankhani wa New York Times, John Tierney, anawayendera kunyumba kwawo ku Beverly Hills, ndipo iwo anamuseweretsa masewerawa n'kumuonetsa kuti woyendetsa wochenjera akhoza kumapereka mwayi wosintha pokhapokha wopikisana atalasa galimoto. Zikatero, wosintha aliyense amapita kwawo ndi mbuzi. Chaka chomwecho akatswiri anayi, otsogozedwa ndi J. P. Morgan, analemba mu The American Statistician kuti ngakhale woyendetsa atamatsatira malamulo, chizolowezi chake chimalowererapo. Ngati iye akakhala pa ufulu amakonda kutsegula chachitatu nthawi zonse, ndiye kuti akatsegula chachitatucho mwayi wanu wosintha watsika kufika pa theka, koma akatsegula chachiwiri mukudziwiratu kuti galimoto ili pa chachitatu. Zonsezi ndi zoona, ndipo n'zomwe zikupha kalamulo koloweza kaja. Koma sizikuwapulumutsa olemba makalata aja, pakuti ochuluka sankadandaula za malamulo osowa. Ankavomereza kuti woyendetsa akudziwa ndipo amaonetsa mbuzi dala, komabe n'kumati theka ndi theka. Ndiponso chitsutsochi, mukachiona bwino, chikulimbitsa mfundo yomweyi m'malo moigwetsa: kuti mudziwe mtengo wa chitseko chotsegulidwa, muyenera kudziwa khalidwe la wochitsegula.

Nanga n'chifukwa chiyani mutu wa munthu umakana chonchi? Mbali ina ndi ya mtima osati ya masamu. Pa kafukufuku wa a Donald Granberg ndi a Thad Brown mu 1995, mwa anthu 228 omwe anafunsidwa funsoli, 13 okha pa 100 alionse ndiwo anasankha kusintha. Anthu akanakhala kuti akungokhulupirira kuti mwayi ndi wofanana, tikanayembekezera kuti agawikane pakati. Koma ayi, amakakamira. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo chitseko chomwe munthu wachiloza amayamba kuchiona ngati chake kale. Kuluza utasiya galimoto yomwe inali m'manja kumapweteka kuposa kuluza utangokhala pomwe unali, ngakhale mbuzi yake ndi yomweyo. Maphunziro sateteza munthu ku zimenezi. A Paul Erdős a ku Hungary, mmodzi mwa akatswiri a masamu omwe analemba zambiri koposa m'zaka za m'ma 1900, anakana yankholi mnzawo Andrew Vázsonyi atawafotokozera, ndipo anagonja ataona kompyuta ikubwereza masewerawa kambirimbiri. Mu 2010 a Walter Herbranson ndi a Julia Schroeder a ku Whitman College anaseweretsa nkhunda masewera ofanana nawo, mphotho yake ili chakudya. Pofika tsiku la 30 nkhundazo zinkasintha maulendo oposa 9 pa 10 alionse, pomwe ophunzira a pakoleji omwe anayesedwa mofananamo anatsalira kutali. Nkhunda ilibe mfundo yoti iteteze. Imangotsatira komwe chakudya chikutuluka kawirikawiri. Mayi vos Savant nawo anathetsa mkangano mwa njira yomweyi: anapempha makalasi a masamu m'sukulu za m'dzikomo kuti ayesere okha, ndipo zotsatira zinabwera zowavomereza. Aliyense akhoza kuyesa ndi makapu atatu ndi kanjere ka nyemba, bola wobisa nyembayo akhale yemweyo wovundukula kapu, ndipo asavundukule ya nyemba.

Wina adzati zonsezi ndi masewera a anthu okhuta, palibe amene adzaime patsogolo pa zitseko zitatu m'moyo wake. Koma cholakwa chomwe chili m'funsoli, choona chizindikiro osafunsa njira yomwe chadzera, chimapezeka pomwe pali moyo wa anthu. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, a Abraham Wald, omwe ankagwira ntchito ndi gulu la akatswiri ku Columbia University, anaunika mabowo a zipolopolo pa ndege zobwerera ku nkhondo. Iwo anazindikira kuti ndege zowerengedwazo ndi zopulumuka zokha, moti malo omwe ali ndi mabowo ochepa akhoza kukhala oopsa koposa, chifukwa ndege zolasidwa pamenepo sizinabwerere kudzawerengedwa. Mu 1978, magazini ya New England Journal of Medicine inafalitsa kafukufuku yemwe anafunsa madokotala ndi ophunzira 60 a m'zipatala za Harvard Medical School funso ili: matenda amagwira munthu mmodzi pa 1,000 alionse, ndipo njira yoyezera imanamizira anthu abwinobwino 5 pa 100 alionse, munthu wotengedwa mwachisawawa akapezeka nawo, mwayi woti akudwaladi ndi wotani? Pafupifupi theka anayankha kuti 95 pa 100. Yankho lenileni ndi pafupifupi 2 pa 100, pakuti pa anthu 1,000 wodwala ndi mmodzi pomwe onamiziridwa ndi pafupifupi 50. Omwe anakhoza anali 11 okha.

Mawerengedwe amenewa ndiwo ali kuseri kwa zomwe zimachitika munthu akapita kukayezetsa magazi kuchipatala kwathu kuno. Tiyerekeze kachipangizo koyezera HIV komwe kamapeza pafupifupi aliyense amene ali ndi kachilombo, koma kamanamizira anthu awiri pa 100 alionse omwe alibe. Pa anthu 10,000 obwera kudzayezetsa, ngati 1,000 ali nako, onamiziridwa adzakhala 180, ochepa poyerekeza ndi enieniwo. Koma ngati omwe ali nako ndi 100 okha, onamiziridwa adzakhala 198, kuposa enieniwo pafupifupi kawiri. Kachipangizo ndi komweko, mizere yake ndi yomweyo, koma tanthauzo la mizereyo lasintha chifukwa gulu la oyezedwa lasintha. Izi sizikutanthauza kuti kuyezetsa n'kosadalirika. Zikufotokoza chifukwa chomwe mlangizi, kachipangizo koyamba kakaonetsa kuti mwina muli kachilombo, samugamulira munthu pomwepo, koma amatenga kachipangizo ka mtundu wina n'kuyezanso. Ngati kachiwiriko kali ndi mphamvu yofanana ndipo sikalakwitsa pa anthu omwewo, mwa 198 aja otsala amakhala anayi okha, ndipo kachitatu kamawachotsa pafupifupi onse. Pamene anthu ambiri omwe ali ndi kachilomboka akudziwa kale mmene alili ndipo ali pa mankhwala, opezeka nako kumene amachepa pakati pa obwera kudzayezetsa, ndipo kuyeza koyamba pakokha kumachepa mphamvu. Ichi n'chifukwa chake mu 2019 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalimbikitsa mayiko kuti munthu aziuzidwa kuti ali ndi HIV pokhapokha tizipangizo titatu totsatizana titagwirizana.